Kuchepetsa Kunenepa Potsatira Thupi Lanu, Osati la Mnzanu

Anthu awiri akhoza kupangana kuti azidya mofanana ndi kuyenda mtunda wofanana tsiku lililonse, koma pakatha miyezi itatu wina n'kukhala atatsika ndi makilogalamu asanu pamene mnzakeyo sikelo ikumuonetsa pomwe anayambira paja. Wosatsikayo nthawi zambiri amagwa mphwayi, ndipo ena amafika podziimba mlandu wa ulesi kapena kusadziletsa, chonsecho anachita zonse zimene anapangana. Kusiyana kumeneku n'kwenikweni ndipo kunayezedwa kale. M'chaka cha 1990, Claude Bouchard ndi anzake a pa yunivesite ya Laval ku Canada anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa anyamata 24, onse mapasa ofanana, awiriawiri. Anyamatawa ankapatsidwa makalori 1,000 owonjezera pa chakudya chimene matupi awo ankafuna, masiku 6 pa mlungu, kwa masiku 100. Onse ananenepa, koma wonenepa pang'ono anawonjezera makilogalamu pafupifupi 4 pamene wonenepa kwambiri anawonjezera oposa 13, ndipo mapasa a mimba imodzi ankanenepa mofananako.

Mawu akuti metabolizimu amatanthauza ntchito yonse imene thupi limagwira posandutsa chakudya kukhala mphamvu, ndiponso pogwiritsa ntchito mphamvuyo popuma, popopa magazi, potenthetsa thupi, poganiza ndi poyenda. Mphamvu imeneyi ndi imene imayezedwa ndi makalori. Ambiri akamva kuti metabolizimu imasiyana munthu ndi munthu amaganiza kuti palibenso chimene angachite. Ine ndimaona kuti tanthauzo lake ndi lina: ndondomeko imene inathandiza mnzanu singakhale yanu popanda kuikonza, choncho muyenera kuliphunzira thupi lanu poliyeza, kusintha pang'ono, kudikira, ndi kuliyezanso. Malangizo otsatirawa akutsata njira imeneyo.

Choyamba, dziwani kumene mphamvu ya thupi lanu imapita

Gawo lalikulu la mphamvu imene munthu amagwiritsa ntchito patsiku, magawo 60 mpaka 70 pa 100 alionse, limatha iye atangokhala kapena atagona. Ubongo, chiwindi, mtima ndi impso n'zazing'ono poyerekeza ndi thupi lonse, koma n'zimene zimadya mphamvu yambiri chifukwa sizipuma usana ndi usiku. Kilogalamu imodzi ya minofu imagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 13 patsiku munthu akupuma, pamene kilogalamu ya mafuta imagwiritsa ntchito pakati pa 4 ndi 5. Apa pali mfundo imene imadabwitsa ambiri: munthu wa thupi lalikulu amawotcha makalori ambiri kuposa wowonda, osati ochepa, chifukwa ali ndi thupi lambiri loti alisamalire ndi kulinyamula. N'chifukwa chakenso mwamuna, amene kawirikawiri amakhala wamtali ndi wa minofu yambiri, amatsika msanga kuposa mkazi wake ngakhale onse awiri achepetse chakudya mofanana. Mkazi woteroyo asaganize kuti walakwitsa penapake.

Gawo lina, pafupifupi magawo 10 pa 100, limatha pogaya chakudya chomwecho. Chotsalacho chimatha pa kusuntha kwa thupi, ndipo apa ndi pamene anthu amasiyana kwambiri. M'chaka cha 1999, James Levine wa ku Mayo Clinic ku America anadyetsa anthu 16 makalori 1,000 owonjezera tsiku lililonse kwa milungu 8. Ena anawonjezera mafuta osafika theka la kilogalamu, ena oposa makilogalamu 4. Amene sananenepe kwambiri anali anthu amene matupi awo, iwo osadziwa n'komwe, anayamba kusunthasuntha kwambiri: kuimirira pafupipafupi, kuyendayenda, kusakhazikika pampando. Mmodzi mwa iwo ankawotcha makalori pafupifupi 700 owonjezera patsiku mwa njira imeneyi yokha. Zimene timazitcha metabolizimu yothamanga nthawi zambiri zimakhala zimenezi pamodzi ndi njala yosavuta kuithetsa.

Za msinkhu nazonso n'zofunika kuziwongola, pakuti ambiri amati thupi linawatembenukira atangokwanitsa zaka 30 kapena 40. Kafukufuku wamkulu amene Herman Pontzer ndi anzake anafalitsa mu 2021, wokhudza anthu oposa 6,400 kuyambira makanda mpaka okalamba a zaka 95, anapeza kuti tikaganizira kukula kwa thupi ndi kuchuluka kwa minofu, metabolizimu sisintha kwenikweni pakati pa zaka 20 ndi 60, ndipo imayamba kutsika pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 60. Chimene chimasintha pakati pa moyo ndi kakhalidwe: ntchito yokhala pansi, kuyenda pagalimoto, tulo tochepa, ndi minofu imene imafota chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Zonsezi n'zotheka kuzikonza.

Chachiwiri, onetsetsani kuti palibe matenda kapena mankhwala amene akukunenepetsani

Musanachepetse chakudya, ganizirani ngati pali chifukwa chokaonana ndi dokotala. Chithokomiro chikamagwira ntchito moperewera, munthu amatopa kwambiri, amamva kuzizira ena asakumva, khungu limauma, amadzimbidwa, ndipo thupi limakwera pang'onopang'ono. Kuyeza magazi kumasonyeza vutoli ndipo mankhwala ake alipo. Amayi amene msambo wawo sulongosoka, amene akumera tsitsi kuchibwano kapena akuvutika ndi ziphuphu atakula kale, akhoza kukhala ndi vuto la mahomoni lotchedwa PCOS, limene limayendera limodzi ndi kunenepa. Mankhwala ena amawonjezera thupi, monga prednisolone, insulin, olanzapine, mankhwala ena a khunyu ndi a matenda a maganizo, jakisoni wolerera wa miyezi itatu kwa amayi ena, komanso mankhwala ena otalikitsa moyo kwa amene ali ndi HIV. Musasiye mankhwala alionse mwa inu nokha chifukwa cha kunenepa. Kambiranani ndi amene anakulemberani, chifukwa nthawi zina pamakhala mankhwala ena olowa m'malo, ndipo pamene palibe, matenda amene mukuchizawo ndi oopsa kuposa makilogalamu owonjezerawo.

Amayi oyembekezera, ana osafika zaka 18, ndi aliyense amene anavutikapo ndi kudzimana chakudya mopitirira muyeso kapena kudzisanzitsa akadya, asatsate malangizo awa popanda wachipatala. Odwala matenda a shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide ayenera kudziwa kuti kuchepetsa chakudya kungatsitse shuga m'magazi mpaka kukomoka, choncho mlingo wa mankhwala ungafunike kusinthidwa. Thupi likakwera mwadzidzidzi m'masiku ochepa, miyendo n'kutupa, mpweya n'kumabanika, amenewo si mafuta koma madzi, ndipo mpofunika kupita kuchipatala msanga.

Chachitatu, yezani pamene mukuyambira

Dziyezeni m'mawa, mutapita kale kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa kanthu, pa sikelo imodzimodzi yoikidwa pamalo olimba ndi osalala. Kenako werengerani BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, pogawa makilogalamu anu ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsidwa ndi nambala yomweyo. Tiyerekeze mayi wa zaka 35, wolemera makilogalamu 80, wotalika mamita 1.62: tichulukitsa 1.62 ndi 1.62 n'kupeza 2.62, kenako tigawa 80 ndi 2.62 n'kupeza 30.5. Malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndi thupi loyenera, kuyambira 25 ndi kunenepa, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kwambiri. BMI siisiyanitsa minofu ndi mafuta, n'chifukwa chake tepi yoyezera m'mimba ndi yofunika kuposa sikelo kwa anthu ambiri. Zungulizani tepiyo pakati pa nthiti yomaliza ndi nsonga ya fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya koma osabweza mimba. Muyeso wake usafike theka la kutalika kwanu, kutanthauza kuti mayi wathu uja akufunika kukhala pansi pa masentimita 81. Mafuta a m'mimba, amene amakuta chiwindi ndi matumbo, ndi amene amagwirizana kwambiri ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima.

Cholinga choyamba chikhale chochepa: kutsika ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwanu m'miyezi 6, amene kwa mayi uja ndi makilogalamu 4 mpaka 8. Ena amaona ngati zimenezi n'zochepa kwambiri, koma thupi limapindula nazo kwambiri. Kafukufuku wa ku America wa anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera, wofalitsidwa mu 2002, anapeza kuti amene anapatsidwa cholinga chotsika ndi magawo 7 pa 100 ndi kuyenda mphindi 150 pa mlungu anachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi magawo 58 pa 100.

Chachinayi, lembani zimene mukudya kwa milungu iwiri musanasinthe chilichonse

Sitepe iyi ndi imene ambiri amaidumpha, komatu ndi imene ndimaiona kuti ndi yofunika koposa. Kwa masiku 14, idyani monga mwa nthawi zonse, koma lembani chilichonse cholowa m'kamwa nthawi yomweyo, osadikira madzulo: masipuni a shuga a mu tiyi, mafuta amene munathira mumphika, zimene munalawa pophika, zotsala za ana zimene munamaliza, chakumwa chimene munapatsidwa pochezera anzanu. Loweruka ndi Lamlungu zisasiyidwe, chifukwa masiku awiri amenewa akhoza kubweza zonse zimene munachepetsa m'masiku asanu enawo.

Chifukwa cholembera n'chakuti palibe munthu amene amakumbukira bwino zimene wadya. Mu 1992, madokotala a ku New York anayeza mosamala anthu amene ankanena motsimikiza kuti amadya makalori osafika 1,200 patsiku koma satsika. Metabolizimu yawo inapezeka kuti inali bwinobwino. Vuto linali lakuti ankadya pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene ankaganiza, ndiponso ankaona ngati amachita masewera olimbitsa thupi kwambiri kuposa mmene ankachitira. Anthuwa sankanama, maso ndi chikumbumtima zimatipusitsa tonse, owonda ndi onenepa omwe. Choncho musanagamule kuti thupi lanu ndi lochedwa kuwotcha chakudya, perekani kaye mpata kuti kabuku kanu kolembamo zakudya kakuuzeni zoona. Ngati muli ndi kasikelo ka kukhitchini kapena pulogalamu ya pafoni yowerengera makalori, zigwiritseni ntchito. Ngati mulibe, yezani ndi kapu, sipuni ndi chikhatho, bola muziyeza ndi zinthu zomwezo masiku onse.

Chachisanu, werengerani zimene thupi lanu likufuna, kenako chepetsani pang'ono

Pali masamu amene akatswiri a zakudya amagwiritsa ntchito, otchedwa Mifflin-St Jeor, amene anafalitsidwa mu 1990. Chulukitsani makilogalamu anu ndi 10, kutalika kwanu m'masentimita ndi 6.25, ndipo muphatikize ziwirizo. Chotsanipo zaka zanu zochulukitsidwa ndi 5. Kenako mwamuna awonjezere 5 pamene mkazi achotse 161. Kwa mayi uja zikhala 800 kuphatikiza 1,012, kuchotsa 175, kuchotsanso 161, zimene zikupereka makalori pafupifupi 1,480 akupuma. Nambalayi ichulukitsidwe ndi 1.2 ngati munthu amakhala pansi tsiku lonse, 1.4 ngati amayendako pang'ono, kapena 1.7 ngati amagwira ntchito ya thukuta. Tikatenga 1.4, mayiyu amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,070 patsiku.

Nambala imeneyi ndi yongoyambira, chifukwa kwa anthu ambiri imaphonya ndi magawo ofika 10 pa 100 m'mwamba kapena m'munsi, ndipo apa ndi pamene kusiyana kwa matupi kumaonekera. Chotsanipo makalori 300 mpaka 500, osapitirira apo. Mkazi asatsike pansi pa 1,200 ndipo mwamuna asatsike pansi pa 1,500 popanda kuyang'aniridwa ndi wachipatala. Kudzimana koopsa kumatsitsa sikelo msanga, n'zoona, koma kumadya minofu, kumathothola tsitsi, kumasokoneza msambo, kumawonjezera chiopsezo cha miyala ya mu ndulu, ndipo kumathera m'kudya kosaletseka njala ikafika pachimake.

Chachisanu ndi chimodzi, sankhani pochepetsera

Funso loti ndi kadyedwe kati kabwino koposa lavutitsa anthu kwa zaka zambiri. Christopher Gardner wa pa yunivesite ya Stanford anagawa anthu 609 m'magulu awiri, lina lochepetsa mafuta ndi lina lochepetsa zakudya za sitachi ndi shuga, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Patatha chaka, magulu onse awiri anatsika pafupifupi mofanana, makilogalamu 5 mpaka 6. Koma m'kati mwa gulu lililonse munali ena otsika ndi makilogalamu oposa 20 ndi ena amene ananenepa. Phunziro limene ndimatengapo n'lakuti kadyedwe koyenera inu ndi kamene mungathe kukhala nako chaka chathunthu osavutika ndi njala yosapiririka, ndipo kameneka mungakadziwe pokhapokha mutayesa.

Yambani ndi makalori amene sakhutitsa. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, ya mowa 7, pamene ya sitachi, shuga kapena mapuloteni ili ndi 4. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo wophika mothira kuchokera m'botolo amathira masipuni atatu kapena anayi osazindikira. Kuyeza mafuta ndi sipuni ndi kusintha kumodzi kumene kungakupatseni theka la zimene mukufuna kuchepetsa. Chitini cha mamililita 330 cha chakumwa chotsekemera chimakhala ndi shuga wokwana masipuni aang'ono 8 kapena 9, makalori pafupifupi 140, ndipo mukachimwa njala imakhala ilipobe. Juwisi wa zipatso naye ali ndi shuga wofananako, choncho ndi bwino kudya chipatso chenichenicho. WHO imalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire magawo 10 pa 100 a makalori a tsiku, ndipo kutsika mpaka magawo 5 n'kwabwino koposa.

Kenako konzani mbale yanu. Theka likhale masamba ndi ndiwo zina zakudimba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale la mapuloteni monga nyemba, mazira, nsomba, nkhuku kapena nyama yopanda mafuta ambiri, ndipo gawo lotsalalo likhale la zakudya za sitachi, makamaka zosakonola kwambiri. Mapuloteni ndi ofunika pa zifukwa zitatu: amakhutitsa nthawi yaitali, amateteza minofu pamene thupi likutsika, ndipo thupi limawononga magawo 20 mpaka 30 pa 100 a makalori awo pongowagaya, pamene pa mafuta limawononga osaposa magawo 3. Mlingo wa galamu 1.2 mpaka 1.6 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi limene mukufuna kufikapo ndi wokwanira, kupatula kwa odwala impso amene ayenera kufunsa kaye dokotala. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni. Masamba ndi zipatso zifike magalamu 400 patsiku, monga WHO imalangizira, chifukwa zimadzaza m'mimba ndi makalori ochepa.

Zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale, monga mabisiketi, tchipisi ta m'mapaketi, masoseji ndi makeke, zili ndi vuto lakuti zimalowa mofulumira munthu asanamve kukhuta. Kevin Hall wa ku bungwe la National Institutes of Health ku America anasunga anthu 20 kwa mwezi umodzi mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2019, n'kuwalola kudya mmene akufunira. Pa milungu iwiri ya zakudya zoterezi ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku ndipo ananenepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, imene inachokanso pa milungu iwiri ya zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe.

Za nthawi yodyera sindikhalitsapo. Kudya kawiri, katatu, kapena kudumpha chakudya cha m'mawa kumatsitsa thupi mofanana ngati makalori a tsiku lonse ali ofanana. Amene amadya mosadziletsa usiku akadumpha cha m'mawa asachidumphe.

Chachisanu ndi chiwiri, sunthani thupi m'njira zitatu

Pano ndiyenera kunena chilungamo chimene otsatsa malo ochitira masewera sakonda kunena: masewera olimbitsa thupi paokha amatsitsa sikelo pang'ono. Munthu wa makilogalamu 80 akayenda mwandawala kwa mphindi 30 amawotcha makalori pafupifupi 160, amene chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera chimangotsala pang'ono kuwabweza onse. Komabe musawasiye, chifukwa amachepetsa mafuta a m'mimba ngakhale sikelo isasunthe, amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, amateteza minofu, ndipo anthu amene amatha kukhalabe otsika kwa zaka zambiri kawirikawiri ndi amene sanasiye kuyenda.

Njira yoyamba ndi masewera othamangitsa mtima. WHO imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za masewera apakatikati monga kuyenda mwandawala, kupalasa njinga, kusambira kapena kuvina, kapena mphindi 75 mpaka 150 za masewera amphamvu monga kuthamanga. Mudziwa kuti muli pa mlingo wapakatikati ngati mukutha kulankhula koma simungathe kuimba. Amene sanazolowere ayambe ndi mphindi 10 patsiku n'kumawonjezera mphindi 5 mlungu uliwonse, ndipo wolemera kwambiri asathamangire kuthamanga kapena kudumpha chingwe, chifukwa mawondo akapweteka ndondomeko yonse imaima. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosazolowereka, imani ndipo mukaonane ndi dokotala.

Njira yachiwiri ndi yolimbitsa minofu, masiku awiri kapena atatu pa mlungu. Munthu akamatsika ndi chakudya chokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene wataya silikhala mafuta koma minofu ndi madzi, ndipo kunyamula zolemera kumachepetsa kutayika kumeneku. Sipafunika zipangizo zodula: kukhala pampando ndi kudzuka osagwira paliponse, kudzikankha ndi manja pakhoma kenako pansi mukalimba, kukwera ndi kutsika sitepe, kunyamula mabotolo odzaza madzi. Chitani chilichonse ka 8 mpaka ka 12, pumani pang'ono, bwerezani kawiri kapena katatu, ndipo zikayamba kupepuka wonjezerani kulemera. Amayi asaope kuti akhala ndi matupi ngati a amuna, popeza mahomoni awo salola zimenezo kuchitika mosavuta. Dziwaninso kuti masewera a pamimba amalimbitsa minofu ya pamimba koma sachotsa mafuta a pamalopo, chifukwa thupi limasankha lokha pochotsa mafuta, ndipo kumene limayambira kumatengera chibadwa. Kuvala mapulasitiki kapena malamba otulutsa thukuta kumangochotsa madzi, amene amabwerera mukangomwa.

Njira yachitatu ndi ija ya Levine, kusuntha kwa tsiku lonse, ndipo ndi imene imasokonekera mwakachetechete. Munthu akachepetsa chakudya kapena akachita masewera m'mawa, thupi limabweza mwa kumukhazika pansi nthawi yotsalayo. Ngati foni yanu imawerenga mapazi, onani chiwerengero cha mlungu woyamba ndipo musalole kuti chitsike. Chikwezeni ndi mapazi 1,000 kapena 2,000 patsiku. Imirirani pakatha theka la ola lililonse, yendani polankhula pafoni, ndipo yendani mphindi 10 mukatha kudya.

Chachisanu ndi chitatu, gonani mokwanira

Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Ofufuza a pa yunivesite ya Chicago mu 2010 anapatsa anthu chakudya chochepetsedwa mofanana kwa milungu iwiri, ulendo wina akugona maola 8 ndi theka, ulendo wina maola 5 ndi theka. Sikelo inatsika mofanana, koma pa tulo tochepa mafuta otayika anachepa ndi kupitirira theka, minofu yambiri inatayika, ndipo njala inakula. Amene amaliza mkonono kwambiri, n'kumadzuka ali wotopa ndi kumasinza masana, akayezetse ngati mpweya sumatsekeka ali m'tulo, vuto limene ndi lofala mwa anthu onenepa.

Chachisanu ndi chinayi, werengani sikelo moyenera ndipo sinthani pakatha milungu inayi

Kulemera kwa munthu kumasintha ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri tsiku ndi tsiku popanda mafuta kusintha. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shugayo imasunga madzi okwana magalamu atatu. N'chifukwa chake ochepetsa sitachi amatsika kwambiri mlungu woyamba kenako n'kukhumudwa mlungu wachiwiri. Mchere wambiri, kudzimbidwa, masewera atsopano amene atupitsa minofu, ndi masiku oyandikira msambo, zonsezi zimasunga madzi. Choncho dziyezeni katatu kapena kanayi pa mlungu, phatikizani manambalawo ndi kugawa kuti mupeze yapakati, ndipo muziyerekeza mlungu ndi mlungu. Amayi angachite bwino kuyerekeza mlungu womwewo wa mwezi uno ndi wa mwezi watha. Tepi ya m'mimba igwiritsidwe ntchito kamodzi pa milungu iwiri. Amene akuona kuti kudziyeza pafupipafupi kukumusowetsa mtendere adziyeze kamodzi pa mlungu.

Pakatha milungu inayi mukhala ndi chinthu chimene masamu a m'mabuku sangakupatseni, ndicho muyeso wa metabolizimu yanuyanu. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700. Ngati mayi uja wakhala akudya 1,650 patsiku ndipo watsika ndi kilogalamu imodzi m'masiku 28, tigawa 7,700 ndi 28 n'kupeza 275, kutanthauza kuti thupi lake limagwiritsa ntchito pafupifupi 1,925, osati 2,070 imene masamu aja anapereka. Mnzake wofanana naye msinkhu akhoza kutsika makilogalamu awiri pa chakudya chomwecho, ndipo onse awiri ali bwino; kungoti woyambayo adzafika mochedwerapo kapena adzafunika kuyenda kwambiri. Kutsika kwa pakati pa kota ya kilogalamu ndi kilogalamu imodzi pa mlungu n'koyenera. Ngati palibe kusintha pa sikelo ndi pa tepi pomwe, bwererani kaye ku kabuku kanu muone ngati zonse zikulembedwa, kenako chotsani makalori 100 mpaka 200 kapena wonjezerani mphindi 20 zoyenda. Sinthani chinthu chimodzi chokha, kuti mudziwe chimene chathandiza. Ngati mukutsika mofulumira kuposa kilogalamu imodzi pa mlungu, mukufooka, kapena simukugona chifukwa cha njala, wonjezerani chakudya.

Chakhumi, konzekerani nthawi imene thupi lidzaima

Pafupifupi aliyense amaima pakati pa mwezi wachinayi ndi wachisanu ndi chitatu. Chifukwa china n'chosavuta: thupi laling'ono limafuna zochepa. Mayi uja akafika makilogalamu 72, masamu aja akusonyeza kuti akufuna makalori ochepera ndi oposa 100 patsiku. Chifukwa chinanso n'chakuti thupi limadziteteza potsitsa metabolizimu kupitirira pamene kuchepa kwake kukanaifikitsa, ndipo izi zimasiyana munthu ndi munthu. Anthu 14 amene anachita nawo mpikisano wochepetsa thupi pa wailesi ya kanema ku America, n'kutaya makilogalamu ambirimbiri m'miyezi yochepa, anapezeka mu 2016 kuti patatha zaka 6 matupi awo ankawotchabe makalori pafupifupi 500 ochepera pa amene ankayembekezeka. Kwa otsika pang'onopang'ono kusiyanaku kumakhala kochepa kwambiri kuposa pamenepa. Chovuta chachikulu ndi njala: ofufuza a ku Melbourne anasonyeza mu 2011 kuti patatha chaka munthu atatsika, homoni ya ghrelin yoyambitsa njala imakhala idakali yokwera ndipo ya leptin yosonyeza kuti thupi lili ndi nkhokwe yokwanira imakhala idakali yotsika. Mukamva njala ikukula, musadzione ngati wofooka. Wonjezerani mapuloteni ndi masamba, ndipo ngati mwatopa, idyani mlingo wongosunga thupi pamene lili kwa milungu iwiri kapena inayi musanayambenso kuchepetsa.

Pa nthawi imeneyi ndi pamene ambiri amakopeka ndi matiyi ndi mapilitsi olonjeza kufulumizitsa metabolizimu. Ambiri mwa iwo ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa, amene amachotsa madzi ndi mchere wofunika ku mtima. Ena apezekapo atasakanizidwa mobisa ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Mankhwala enieni alipo, monga semaglutide, ndipo opaleshoni ya chifu imathandiza ena onenepa kwambiri, koma zimenezi ndi za dokotala amene wakuyezani, ndipo amene amasiya semaglutide kawirikawiri amabwezeretsa gawo lalikulu la thupi limene anataya. Ngati BMI yanu ili pa 30 kapena kuposerapo ndipo mwayesetsa kwa miyezi 6 osaona kusintha, kukapempha thandizo limeneli n'koyenera ndipo si chinthu chochititsa manyazi.

Mukafika pamene mumafuna, wonjezerani makalori 100 patsiku mlungu uliwonse mpaka sikelo itakhazikika, ndipo nambala imene yakhazikikirapo ndiyo chakudya chanu cha masiku onse. Pitirizani kuyenda ndi kunyamula zolemera, dziyezeni kamodzi pa mlungu, ndipo dziikireni malire a makilogalamu awiri pamwamba pa kulemera kwanu kwatsopano. Sikelo ikapitirira malirewo kwa milungu iwiri yotsatizana, tengani kabuku kaja n'kuyambanso kulemba kwa masiku 14.